Masitazi ya za malo, nyumba ndi zomangamanga: poyambira ndi njira yake

Nyumba yosanja ikamakwera ku City Centre mu Lilongwe, kapena magalasi a magetsi a dzuwa akamayalidwa ku Salima, odutsa amaona kontirakitala, injiniya wa chipewa cholimba ndi amisiri ali pamakwerero. Saona anthu amene anakhala pansi zaka zingapo m'mbuyomo n'kuwerengera ngati ntchitoyo idzabweze ndalama, amene anakagogoda ku banki, amene anakokanakokana pa ndime iliyonse ya pangano la zaka 20. Malangizo awa ndi a munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, kaya ya Land Economy, ya Quantity Surveying, ya uinjiniya, ya akaunti kapena ya malamulo, ndipo akufuna yachiwiri yomulowetsa m'gulu la anthu osaonekawo.

Ndinene msanga chimene chimandipweteka mtima. Achinyamata ambiri anzeru amayamba ndi kufunsa kuti sukulu yabwino ndi iti, sikolashipu ili kuti. Amapita, amabwera ndi pepala lokongola, koma pakatha chaka mumawapeza pa desiki lomwe lija, chifukwa digiriyo sinaloze ntchito ina iliyonse. Sukulu ibwere pambuyo. Choyamba ndi mpando umene mukufuna kudzakhalapo pamene pulojekiti ikukambidwa.

1. Sankhani mpando

Pamene pakukambidwa zomanga maofesi, sitolo zazikulu, msewu kapena damu la magetsi, pa tebulo pamakhala anthu osiyana, ndipo aliyense anadzera njira yakeyake.

Pali woyeza mtengo wa malo ndi nyumba. Banki isanalandire nyumba ngati chikole imafuna lipoti lake, khonsolo ya mzinda imadalira iye pokonza misonkho ya nyumba, ndipo msewu ukamadutsa m'minda ya anthu, chipukuta misozi chimachokera pa kuwerengera kwake. Pali woyendetsa chuma cha nyumba, wa ku makampani ngati MPICO ndi ICON Properties, ku Malawi Housing Corporation, kapena ku makampani a penshoni ndi inshulansi. Iye tsiku ndi tsiku amadzifunsa ngati nyumba yakutiyakuti aisunge, aikonzetse kapena aigulitse. Pali womanga kuti agulitse kapena achititse lendi, amene amasonkhanitsa malo, chilolezo cha khonsolo, mpamba ndi kontirakitala, ndipo zikavuta woluza ndi iyeyo. Pali wobwereketsa, kaya ku banki ya kuno kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama za chitukuko ngati IFC, African Development Bank ndi DBSA.

Ndiye pali wokhala mbali ya boma: ku Public Private Partnership Commission, ku Roads Fund Administration, ku ESCOM, ku mabungwe a madzi, ku Unduna wa Zachuma. Udindo wake ndi kuonetsetsa kuti dziko lisasaine pangano loti adzukulu athu adzalire nalo. Mpando uwu ambiri amaupeputsa poona malipiro, koma kwa ine ndi umene dziko likuusowa koposa, pakuti makampani a mbali inayo amabwera ndi maloya ndi akatswiri owerengera ndalama ochokera ku London ndi ku Johannesburg, ndipo payenera kukhala wina wathu wotha kuwayankha ndime ndi ndime.

Kuti musankhe bwino, chitani zinthu ziwiri zosafuna ndalama. Pezani pa intaneti malipoti apachaka a MPICO ndi ICON. Makampani onsewa ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, choncho malipoti awo ndi a aliyense. Dumphani masamba a zithunzi, pitani pamene alemba za lendi imene inalowa, lendi imene sinalipidwe, ndi mmene mtengo wa nyumba zawo wasinthira. Mudzaona kuti phindu lina ndi ndalama zenizeni zolowa ku akaunti, lina ndi la papepala, lobwera chifukwa woyeza wakweza mtengo wa nyumba. Ngati kusiyanitsa ziwirizi kukukukokani mtima, ndiye kuti muli kwanu. Chachiwiri, fufuzani anthu amene ali kale pa mpando mukuufunawo, muwapemphe mphindi zochepa, muwafunse chimene amachita Lolemba m'mawa ndi mapepala amene olemba ntchito kumeneko amawalemekeza. Safunsa anadya phula.

2. Dziyeseni pa masamu musanalipire kalikonse

Maphunziro onsewa phata lake ndi limodzi: ndalama zotuluka lero, ndalama zolowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndi ngongole imene ili pakati. Tengani cholembera.

Tiyerekeze kuti nyumba ya maofesi ikugulitsidwa K500 miliyoni. Lendi ya chaka chonse ndi K60 miliyoni. Muchotsepo msonkho wa khonsolo, inshulansi, alonda, kukonzetsa mapaipi ndi denga, ndi miyezi imene zipinda zina zimakhala zopanda munthu, tinene zonse K15 miliyoni. Mwatsala ndi K45 miliyoni. Gawani 45 ndi 500, mupeza kuti nyumbayo ikubereka 9 peresenti pa chaka. Koma ndalama zonse mulibe, mwakongola K300 miliyoni ku banki pa chiwongola dzanja cha 25 peresenti. Chiwongola dzanja chokha ndi K75 miliyoni pa chaka, musanabweze ngakhale tambala ya ngongole yeniyeniyo. Nyumba ikulowetsa 45, banki ikufuna 75. Ndipo 25 peresentiyo sindinakokomeze: mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ngongole za m'mabanki n'kumayendera pomwepo kapena kupitirira.

Kawerengedwe kakang'ono aka kakufotokozerani zambiri za mizinda yathu. Kakuuzani chifukwa chake nyumba zambiri zimaima pa lintala zaka zisanu, mwini wake akudikira kuti apeze ya malata. Kakuuzaninso chifukwa chake nyumba zikuluzikulu zambiri zili m'manja mwa makampani ogwirizana ndi penshoni ndi inshulansi. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, lolamula olemba ntchito kupereka 10 peresenti ndi wogwira ntchito 5 peresenti, ndalama zimenezi zimaunjikana mwezi ndi mwezi, ndipo zimafuna pokhala kwa zaka zambiri popanda kuthamangitsidwa ndi banki. Munthu wodziwa kulumikiza ndalama zoterezi ndi pulojekiti yabwino sasowa ntchito.

Ku magetsi, misewu ndi madzi masamu ndi omwewo, kungoti ngozi zake ndi zina. Siteshoni ya magetsi a dzuwa ya ku Salima, ya mamegawati 60, inamangidwa ndi kampani yomwe si yaboma, JCM Power, ndipo imagulitsa magetsi ku ESCOM pa pangano la zaka zambiri. Pa ntchito zamtundu uwu obwereketsa sayang'ana kwambiri chuma cha mwini kampani. Amayang'ana ndalama zimene pulojekitiyo payokha idzalowetse, ndi ngati wogulayo adzalipire nthawi yake. Ngongole kawirikawiri imakhala ya madola pamene anthu amalipira mabilu m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wokhala ndi ngongole ya dola miliyoni imodzi anagona ali ndi ngongole ya K1.18 biliyoni, n'kudzuka ali ndi ya K1.7 biliyoni, osabwereka kanthu kena. Funso lakuti katundu ameneyu asenze ndani, boma, kampani, banki kapena wolipira bilu, ndi limene mudzakhale nalo moyo wanu wonse wa ntchito, kaya ndi pa damu la Mpatamanga pa mtsinje wa Shire kapena pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke.

Tsopano tsegulani Excel, muyale nyumba ija zaka khumi: lendi ikukwera chaka ndi chaka, zowononga zikukweranso, ngongole ikubwezedwa, ndipo m'chaka chomaliza nyumba ikugulitsidwa. Phunzirani kupeza NPV (mtengo wa lero wa ndalama zonse zodzalowa mutachotsa zotuluka) ndi IRR (peresenti imene ndalama zanu zikubereka pa chaka). Kenako sinthani chinthu chimodzi, monga wochita lendi wamkulu wasamuka, muone zimene zichitike pansi pa tsamba. Maphunziro aulere a zimenezi ali mbwee pa intaneti. Mukachita masabata awiri n'kupeza kuti mutu ukungowawa popanda chikoka chilichonse, palibe chamanyazi. Mpando wanu mwina ndi woyendetsa ntchito pamalo omanga, ndipo digiri yanu ndi ya Project Management. Kuli bwino kudziwira zimenezi pakhomo kusiyana ndi kukadziwira ku yunivesite ya Reading ku Britain fizi italipidwa kale.

3. MBA kapena MSc?

MBA ndi digiri ya utsogoleri wa bizinesi ina iliyonse: akaunti, malonda, kuyendetsa anthu, mapulani a kampani. Za malo ndi nyumba zimabwera ngati phunziro lochita kusankha, ndipo m'sukulu zambiri mulibemo n'komwe. Imamuyenera munthu amene luso la ntchito ali nalo kale, monga injiniya amene wayendetsa mapulojekiti zaka zingapo ndipo akufuna kukhala mkulu wa nthambi, kapena woyeza mitengo amene akufuna kutsegula kampani yakeyake. MBA zotchuka pa za nyumba, ngati ya Wharton ku Philadelphia ndi ya Columbia ku New York, zimatenga pafupifupi zaka ziwiri, n'zodula koopsa, ndipo maso ake ali pa msika wa ku America.

MSc yolunjika, monga ya Real Estate, Property Studies, Infrastructure Investment and Finance kapena Development Finance, imakupatsani luso lenileni la m'manja. Maganizo anga ndi awa: ngati simunathe zaka zisanu pa ntchito, kapena mukuchokera ku ntchito ina, tengani MSc. MBA ya munthu wosadziwa kuyeza nyumba kapena kuyala ngongole ya pulojekiti imamupatsa chilankhulo cha mabwana popanda chomuyimiritsa pamaso pa komiti ya ngongole.

Musakhulupirire dzina la digiri. Tsegulani mndandanda wa maphunziro ake, mufufuze ngati muli kuyeza mitengo, kuyala masamu a pulojekiti pa kompyuta, project finance (ngongole yobwezedwa ndi ndalama zimene pulojekitiyo payokha imalowetsa), malamulo a malo ndi mapangano. Onaninso amene amaphunzitsa, ngati mwa iwo muli anthu amene anagwirapo ntchitoyi.

Nthawi zina yankho si digiri konse. Wogwira kale ntchito ku boma pa mapangano a boma ndi makampani atha kuyamba ndi satifiketi ya CP3P, imene inakonzedwa mothandizidwa ndi World Bank ndi mabanki ena a chitukuko. Imatenga nthawi yochepa, ndipo munthu sasiya ntchito.

4. Kuno, ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja

Kuno kwathu, MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic ndipo inaima payokha mu 2021, ili ndi MBA komanso MSc ya Infrastructure Development and Management. ESAMI, sukulu ya za utsogoleri imene likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, imaphunzitsanso MBA kwa anthu apantchito. Ubwino wophunzira kuno ndi waukulu kuposa mmene ambiri amaganizira: malipiro sayima, fizi ndi ya makwacha, ndipo anzanu a m'kalasi ndi omwewo mudzakumane nawo ku banki, ku khonsolo ndi ku Unduna wa za Malo. Chofooka chake n'chakuti masamu ozama a ndalama za nyumba ndi a project finance mungafunike kudziwonjezera nokha. Ku Dar es Salaam kuli Ardhi University, sukulu imene maziko ake ndi za malo ndi nyumba, ndipo msika wa kumeneko ukufanana ndi wathu kuposa wa ku Ulaya.

South Africa ndi imene ndimalangiza ambiri kuti ayambe kuyang'ana. University of Cape Town (UCT) ili ndi MSc ya Property Studies, University of Pretoria ili ndi ya Real Estate, ndipo Wits ku Johannesburg imaphunzitsa za Property Development and Management. Wofuna mbali ya obwereketsa kapena ya boma aone Development Finance ku Graduate School of Business ya UCT kapena ku Stellenbosch Business School. Pali mwayi wina umene ambiri saudziwa. Pangano la mayiko a SADC pa za maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, linati ophunzira a m'chigawochi aziwatenga ngati eni dziko pa nkhani ya fizi. Chifukwa cha ichi, M'malawi, Mzambia kapena Mzimbabwe kawirikawiri amalipira fizi ya eni dziko n'kuwonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja, osati mtengo wa wochokera ku Ulaya. Ena mwa maphunzirowa amachitika m'zigawo, masiku angapo m'kalasi kenako kubwerera kuntchito. Funsani za zimenezi, chifukwa zingakupulumutsireni ntchito.

Ku Britain masitazi imatha chaka chimodzi. Henley Business School ya University of Reading ndi yodziwika kalekale pa za malo ndi nyumba. Cambridge ili ndi MPhil ya Real Estate Finance, London School of Economics ili ndi Real Estate Economics and Finance, Bayes Business School ku London ili ndi Real Estate Investment, ndipo ku University College London kuli Infrastructure Investment and Finance. Oxford ili ndi MSc ya Major Programme Management, ya anthu akuluakulu pa ntchito amene amaphunzira asanasiye maudindo awo. Ku America, MIT ndi Columbia zili ndi masitazi ya Real Estate Development, koma malamulo a viza ya kumeneko akhala akusinthasintha, ndiye yambani mwafunsa ku ofesi ya kazembe musanawononge ndalama pa mafomu.

Kulikonse kumene mungapite, dziwani kuti mudzaphunzira za msika wa eni akewo, kumene mitengo ya nyumba zogulitsidwa imalembedwa poyera ndipo chiwongola dzanja n'chotsika. Kuno zambiri zimagulitsidwa mwakachetechete, mtengo wolembedwa pa pepala nthawi zina si umene unaperekedwa, ndipo malo ambiri akadali m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Palibe mphunzitsi wa ku London amene adzakuphunzitseni Land Act ndi Customary Land Act za 2016, kapena kusiyana kwa puloti ya liizi ya zaka 99 ndi malo a makolo. Zimenezo muziwerenge nokha, musanapite kapena mukangobwera.

5. Tsimikizani kuti pepalalo ndi lovomerezeka

Izi n'zachidule koma musazidumphe. Sukulu ya kuno ikhale yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education (NCHE), osati sukulu yokha komanso digiri imene mukufunayo. Ngati cholinga chanu ndi kuyeza mitengo, sankhani digiri yovomerezedwa ndi RICS, bungwe la akatswiri a ntchitoyi limene linayamba ku London mu 1868; mndandanda wa madigiri otere uli pa tsamba lawo. Pa MBA yang'anani zizindikiro za AACSB, EQUIS kapena AMBA, zosonyeza kuti maphunziro a bizinesi a sukuluyo ndi ovomerezeka. Samalani ndi masukulu a pa intaneti olonjeza masitazi m'miyezi isanu ndi umodzi.

6. Mapepala ndi mayeso

Yambani chaka chathunthu nthawi isanakwane. Chochedwetsa kwambiri ndi transcript (pepala la malikisi anu onse) yochokera ku sukulu yanu yakale, ndiye ipempheni lero. Wopita ku South Africa ayenera kutumiza mapepala ake ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro kumeneko, kuti aone mlingo wa digiri yake, ndipo ena amauzidwa kuti ayambe ndi honours kapena postgraduate diploma asanalowe masitazi. Musakhumudwe nazo, koma muziwerengere pa bajeti. Mayunivesite a ku Britain ambiri ali ndi tsamba lofotokoza mmene amaonera digiri ya dziko lililonse. Werengani la dziko lanu musanalipire ndalama ya fomu.

Mayeso a Chingerezi a IELTS amagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musawalembe msanga kwambiri. Masukulu ena amakhululukira wophunzira m'Chingerezi akabweretsa kalata ya ku yunivesite yake. GMAT, mayeso olowera m'masukulu a bizinesi, imafunika makamaka pa MBA: ili ndi zigawo zitatu, imatenga maola awiri ndi mphindi 15, malikisi ake amayambira pa 205 kulekeza pa 805, ndipo imakhala yamoyo zaka zisanu. Masukulu ambiri amalandiranso GRE m'malo mwake. Musailembe mongoyesa, chifukwa ulendo uliwonse mumalipira madola.

Pa kalata yofotokoza cholinga chanu, pewani mawu akuti mumakonda chitukuko kuyambira muli mwana. Aliyense amalemba choncho. Tchulani ntchito imodzi imene munaigwira ndi manja anu, nenani pamene nzeru zanu zinathera, n'kuloza phunziro la m'sukulu yawoyo limene lidzatseke mpata umenewo. Wowerengera zipangizo (quantity surveyor) amene alemba kuti anadziwa mtengo wa thumba lililonse la simenti pa pulojekiti koma sanathe kufotokoza chifukwa chimene banki inaimitsira ndalama, wanena zambiri kuposa masamba atatu a mawu okoma. Okulemberani makalata a umboni akhale anthu okudziwanidi, mmodzi wa kusukulu ndi mmodzi wa kuntchito. Bwana wamkulu amene sadziwa n'komwe ofesi yanu adzalemba mizere itatu yozizira.

7. Ndalama

Apa ndi pamene maloto ambiri amathera, ndiye tiyende modekha.

Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira masitazi ya chaka chimodzi. Imafuna zaka ziwiri za ntchito, zimene amaziwerenga ngati maola 2,800, ndi lonjezo lobwerera kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Mafomu amatsegulidwa cha mu Ogasiti, n'kutsekedwa pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mumasankha maphunziro atatu, ndipo pa MBA amaika malire a fizi, yotsalayo mumaipeza nokha. Pali Commonwealth Scholarships. Pali Beit Trust, imene ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi zina. Canon Collins imathandiza ophunzira ku South Africa. Mastercard Foundation ili ndi mgwirizano ndi mayunivesite ngati UCT, Pretoria, Edinburgh ndi Cambridge. Sikolashipu ya Japan ndi World Bank imafuna zaka zitatu pa ntchito za chitukuko ndipo imalipira maphunziro osankhidwa okha.

Pali chinthu chimodzi choti muchimvetse. Opereka sikolashipu ambiri cholinga chawo ndi chitukuko, osati kulemeretsa munthu mmodzi. Wolemba kuti akufuna kudzagulitsa nyumba zapamwamba ku Area 43 sapita patali. Koma za nyumba zotsika mtengo za anthu a m'tauni, za misonkho ya nyumba imene makhonsolo amalephera kutolera, za ndalama za penshoni zomangira magetsi ndi madzi, zonsezi ndi ntchito yomweyi ya malo ndi zomangamanga, ndipo ndi zimene dziko likuzifunadi. Ngati mtima wanu uli pamenepo, nenani mosabisa. Ngati suli pamenepo, musanamizire. Pa intavyu zimaoneka.

Njira ina ndi olemba ntchito anu. Mabanki, makampani a penshoni ndi mabungwe a boma ena amalipirira antchito awo, koma amakumangani kuti mugwire zaka zakutizakuti mukabwera. Walira mvula walira matope. Werengani pangano limenelo mmene mungawerengere la pulojekiti: mukachoka msanga mubweza zingati, m'makwacha kapena m'madola, ndipo mukabwera mudzaikidwa pa udindo uti.

Wodzilipirira yekha achite masamu aja pa iye mwini. Aphatikize fizi, nyumba, chakudya, ndege, viza, ndi malipiro amene adzaluze chaka chimenecho. Ku Britain awonjezere ndalama ya zaumoyo imene imalipidwa pamodzi ndi viza, ndi kuyezetsa TB kumene wochokera ku Malawi amayenera kuchita. Adziwenso kuti kuyambira Januwale 2024 ophunzira masitazi ya m'kalasi ambiri saloledwa kutenga banja. Ku South Africa viza imafuna medical aid yolembetsedwa komweko. Kenako adzifunse kuti malipiro ake adzakwera ndi zingati, ndipo padzapita zaka zingati kuti ndalamazo zibwerere. Asaiwale kuti kupeza ndalama zakunja ku banki kumatenga nthawi ngakhale makwacha ali m'manja, choncho invoice ya sukulu aipereke msanga. Ndikupemphani ndi mtima wonse: musakongole pa chiwongola dzanja cha kuno, kapena kuika nyumba ya makolo pa chikole, kuti mulipire fizi ya mapaundi. Dikirani chaka china, yesaninso sikolashipu, kapena phunzirani pafupi.

8. Muli m'kalasi

Chaka chimathamanga. Phunziro lililonse la masamu a pa kompyuta litengeni, ngakhale likhale lowopseza malikisi anu. Ngati sukulu ili ndi Argus, pulogalamu imene makampani akuluakulu amayezera nyumba za lendi, iphunzireni ili yaulere. Kafukufuku wanu womaliza akhale wa kwanu: lendi za maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, chipukuta misozi pa misewu yatsopano, kapena mmene ngozi ya kugwa kwa kwacha imagawidwira m'mapangano a magetsi. Zowerengera zake muyambe kusonkhanitsa musananyamuke, chifukwa kupempha mafayilo ku ofesi ya kuno muli kunja n'kovuta zedi. Kafukufuku wotere ndi amene mudzaike pa tebulo pofunsira ntchito, ndipo mutha kukamuwerenga ku msonkhano wapachaka wa African Real Estate Society, kumene kumakumana aphunzitsi ndi akatswiri a ntchitoyi a mu Africa muno.

Anzanu a m'kalasi ochokera ku Kenya, Ghana, Nigeria ndi Zambia muwasunge. Mavuto awo ndi ofanana ndi anu, ndipo ena mwa iwo tsiku lina adzakhala mbali ina ya tebulo, ku banki imene mukuipempha ngongole.

9. Mukabwera

Digiri payokha sikupatsani mphamvu yosaina lipoti la mtengo wa nyumba. Pitani ku Surveyors Institute of Malawi mukafunse za kalembera wa ntchito yanu ndi zimene malamulo a pakali pano akufuna. Mainjiniya ndi owerengera zipangizo ali ndi mabungwe awoawo. Digiri yakunja muipititse ku NCHE kuti aitsimikize, makamaka ngati mukufuna ntchito ya boma kapena yophunzitsa.

Wofuna zilembo za MRICS, zosonyeza kuti ndi membala wa RICS, alowe ndondomeko yawo yoyesera luso yotchedwa APC. Amene sanakwanitse zaka zisanu pa ntchito amachita miyezi 24 akuyang'aniridwa, masiku osachepera 400 olembedwa bwinobwino, kenako n'kukaonekera pamaso pa akatswiri kwa ola limodzi. Wokhala ndi zaka zisanu kufika khumi amachita theka la nthawi imeneyo. Pamafunika mlangizi amene ali kale membala wa RICS, ndipo otere kuno ndi owerengeka, ndiye muyambe kumufunafuna mukadali kusukulu. Posankha ntchito yoyamba, funsani ngati pali wotere pakampanipo, komanso ngati adzakulolani kugwira ntchito zosiyanasiyana zokwanira kudzaza buku lanu la masiku. Malipiro ochepako pamalo pamene pali mlangizi wabwino amaposa ambiri pamalo pamene mudzangoyendetsa mafayilo a lendi zaka ziwiri.